Tsiku Limene Ndinachapa Ndalama za Eni

Mpaka lero ndikaona munthu wopachika chitupa m'khosi, ndimayamba kuyang'ana kothawira. Amuna anga amati ndi chikumbumtima. Ine ndimati ndi bipi, ndipo pamenepo tisakangane.

Ndimasoka zovala kunyumba kwathu ku Bulangililo, koma chaka chatha ndinayamba kabizinesi kena kam'mbali, kopanga maluwa a ndalama. Munthu amabwera ndi ndalama zamapepala zatsopano, ine n'kuzipinda ngati maluwa, kuzimata ndi guluu, kuzibaya ndi mapini, riboni pamwamba, basi mphatso ya pa kitcheni pate, phwando la mkwatibwi, yatheka. Atate ake Chisomo, amuna angawo, ndi mkulu wa mpingo komanso kalaliki wopuma wa kumgodi, ndipo wailesi amaimvera ngati ulaliki. Anali atandichenjeza kale.

"Amake Chisomo, a banki yaikulu anena kuti kuwononga ndalama ndi mlandu. Mudzagona m'selo inu."

Ndinawauza kuti ndasiya. (Sindinasiye. Ndinangosamutsira ntchitoyo kuchipinda chosokera, kumene iwo salowa chifukwa amaopa kuponda singano.)

Lachisanu lina m'mawa ndinali nditangomaliza mtolo waukulu wa maluwa a Bana Mwila, mayi wa ku Nkana West amene mwana wake anali ndi kitcheni pate mawa lake. Ndili mkati momanga riboni, anandiimbira foni mnzanga wogulitsa tomato pamsewu.

"Iwe, kuli banthu babili ba ku banki ikulu, bachokera ku Ndola. Bali na vitupa mu mukosi, bafunsa bonse bamene tichita bizinesi. Nabalangiza kwa iwe, nabauza ati ndiwe ugwira maningi ndalama. Manje manje bafika."

Ndinachita mantha, abale, mantha enieni. M'maso mwanga ndinaona zonse: galimoto ya polisi pageti, amayi a mvano atandandalika kumpanda, amuna anga akuimikidwa pamaso pa akulu anzawo kuti afotokoze za mkazi wawo wa kundende.

Poyamba ndinaponya maluwawo pansi pa bedi. Kenako ndinakumbukira kuti apolisi amayambira pomwepo. Ndinawatulutsa n'kuganiza zongowaphwasula kuti zibwerere kukhala ndalama wamba. Koma guluu amene ndimagula ine si wamasewera (ndimanyadira naye masiku ena onse). Nditakoka handiredi kwacha yoyamba, inang'ambika pakati. Yachiwiri inasiya ngodya pa pini.

Apa m'pamene nzeru zinandithawa. Ndinathira madzi ofunda m'beseni, sopo pang'ono, n'kuviika mtolo wonsewo. Ndalama za eni ake zinayamba kuyandama ngati masamba a chibwabwa. Ndinavuula zingapo, kuyatsa ayironi kuti ziume msanga, ndipo imodzi inapsa n'kusanduka yofiirira. Fungo lisanathe, ndinamva "Odi!" pageti.

Atate ake Chisomo anali pakhonde ndi nyuzipepala yawo. Munthu ameneyu akaona anthu a muofesi amasangalala ngati waona abale ake, moti anawalowetsa m'nyumba, kuwapatsa mipando ya alendo, n'kuitana mokondwa: "Amake Chisomo, bwerani, kuli alendo a boma!"

Ndinayang'ana pawindo. Zitsulo zotchingira akuba zija tinaziika tokha, ndipo ngakhale pakanapanda zitsulo, thupi langali silikanadutsa. Ndinavala juzi, pamwamba pake juzi ina, ndi zitenje ziwiri, poti ndinamva kuti m'selo mumazizira. Munali mu Okutobala. Ndinatuluka thukuta lili kamukamu, manja akuchucha thovu.

Pampando panali mtsikana wa magalasi atanyamula foni yaikulu yolembapo, ndi bambo wina wa imvi.

"Mwapoleni, mayo," anandilonjera mtsikanayo m'Chibemba. "Tili pa kafukufuku wa banki ikulu. Tifuna kudziwa..."

Sindinamulole kumaliza. Ndinagwada pakapeti n'kuyamba kuulula. Ndinanena mwezi umene ndinayamba, sitolo imene ndimagulako guluu, ndi mayina a makasitomala, kuyambira Bana Mwila mpaka akazi a abusa. Ndinapempha kuti ngati n'kotheka anditengere kuseri, anthu a mumsewu asaone. Pofuna kuonetsa kuti ndikugwirizana ndi boma, ndinathamangira kuchipinda n'kubwera nalo beseni lija, n'kuliika patebulo pafupi ndi Baibulo.

Mtsikana uja anayang'ana beseni, anayang'ana foni yake, n'kukonza magalasi.

"Amayi, ivo palibe pa fomu yanga. Ine nifuna chabe kudziwa ngati makasitomala banu balipira kashi olo pa foni."

Bambo wa imvi uja anagwidwa ndi chifuwa chachilendo, mapewa akugwedezeka. Atapezako mpweya anandiuza mwaulemu kuti iwo si apolisi ndipo salemba dzina la munthu, koma zomata ndalamazo ndisiyedi, ndipo zong'ambikazo ndipite nazo kubanki akazione. Mafunso onse ndinayankha ndili chigwadire, m'majuzi awiri. Anathokoza n'kunyamuka.

A banki anapita, koma atate ake Chisomo sanapite. Anapinda nyuzipepala yawo pang'onopang'ono, anasuzumira m'beseni, n'kufunsa motsitsa mawu:

"Paja munati munasiya liti, amake Chisomo?"

Kunena zoona, nthawi imeneyo selo ndinailakalaka.

Bana Mwila analandira envulopu ya ndalama zachinyezi zonunkhira sopo, zong'ambika ndi yopsa ija nditabwezapo zanga. Zimene anandiuza m'Chibemba sindingazilembe, ndine mkazi wa mkulu wa mpingo. Masiku ano maluwa ndimapanga a nsalu, ndipo wofuna kupereka ndalama kwa mkwatibwi ndimamuuza kuti atumize pa foni. (Guluu uja ndikadali naye, koma ndi womatira nsapato.)

Chimene sichinathe ndi cha amuna anga. Nkhaniyi sanakainene kumpingo, ndipo ndimawathokoza. Koma wina aliyense akagogoda pageti, kaya ndi wowerenga mita ya madzi, kaya wogulitsa makala, iwo sadzuka n'komwe pampando. Amangoitana ali phee:

"Amake Chisomo, valani majuzi, abwera."