Tsiku limene ndinasambitsa kuponi ya apongozi

Nkhani iyi ndinkafuna kupita nayo kumanda, koma poti mkazi wanga waifalitsa kale mpingo wonse, bola ndiinene ndekha asanaithire mchere wina.

Chinali chaka chimene fodya wanga anayenda bwino ku okushoni, ndipo ndinagula kagalimoto kakale kapikapu. NaBanda, mkazi wangayo, anali asanaionepo nyanja chibadwire. Ife a ku Chulu madzi timadziwa a pachitsime ndi a m'dambo basi. Ndiye ndinamulonjeza ulendo: Nkhotakota, kutsata nyanja mpaka Nkhata Bay, kukwera mapiri, n'kubwerera chodzera ku Mzuzu. Ine ndinali nditadutsako kamodzi pa basi, choncho ndinkayankhula ngati nyanjayo ndinakumba ndine.

Tikulongedza katundu, apongozi anatulukira. Zaka zimenezo kuponi ya feteleza wotsika mtengo inkasamalidwa kuposa khanda. M'mudzi mwathu zinabwera zowerengeka, ndipo iwo, pokhala mayi wamasiye, anapeza imodzi. Anakhala pansi chapatali monga mwa mwambo, nkhope kumbali, n'kumayankhula ndi mwana wawo ngati ine palibe.

"Uwapatse bambo aka. Akandigulireko thumba, poti ali ndi galimoto."

Kakuponiko kanali kokutidwa m'pepala la m'kope, kopinda kanayi. Ndinalandira ndi manja awiri n'kukalowetsa m'thumba la kabudula amene ndinavala m'kati mwa thalauza. (Wakuba anayenera kuyamba wandivula kaye.) Pa depoti ya pa boma tinapeza mzere wofika kumsewu. Pa Mtunthama, pomwe tinagona kwa mlamu wanga, feteleza anali asanafike n'komwe.

"Tidzagula pobwerera," ndinatero ine, mwini nzeru.

M'mawa mwake tinadutsa m'nkhalango n'kutsetserekera ku Nkhotakota. NaBanda ataona madzi aja anagwira pakamwa.

"APhiri, nanga tsidya lake lili kuti?"

Pa Dwangwa anayang'ana minda ya nzimbe yosaoneka malire n'kufunsa kuti eni ake amalandira makuponi angati. Ndinaseka mpaka kutsokomola, osadziwa kuti kuseka kwanga kunali komaliza.

Tinafika pa Chintheche dzuwa lili paliwombo. Mchenga mbee, madzi oyera oti nsomba kumazionera pansi. Apa m'pamene satana wa matama anandilowa. Ndinavula malaya, ndinavula thalauza, n'kuthamangira m'madzi kuti mkazi aone mwamuna amene anakwatiwa naye. (Kusambira kwanga ndinaphunzirira pa dambo la madzi olekeza m'mawondo.) Funde loyamba linandigwetsa chagada. Lachiwiri linandimwetsa madzi okwana ndowa. Ndikukwawira kumtunda, dzanja linagunda thumba la kabudula, ndipo mtima unangoti phwii.

Kapepala kaja kanali katasanduka phala.

Ndinachita mantha, ndisaname. Kutaya kuponi kunalibe kokadandaula. Ndalama za fodya zinali zitathera m'matayala, moti thumba la mtengo wonse sindikanalikwanitsa. Ndinaona m'maganizo chimanga cha apongozi chitachita chikasu, ndipo ndinamva kale zonena za pachitsime: mkamwini uja anagulitsa kuponi kwa mavenda n'kukadyera kunyanja. Ndani akanakhulupirira zoti inasamba?

Munthu wanzeru akanaulula pomwepo. Ine ndinakumbuka kuti ndine mlimi wa fodya, ndipo palibe tsamba limene lingandikanike kuumitsa. Fodya sayanikidwa padzuwa, amafuna mthunzi ndi kamphepo, choncho ndinakabisa m'chipewa n'kutsegula windo. Tikudutsa m'mitengo ya labala ku Nkhata Bay, NaBanda ankangoti, "Taonani kukongola!" Ine n'kumati "Eee," maso ali pachipewa.

Pokwera mapiri opita ku Mzuzu ndinaima katatu, ati injini yatentha. Ndinkatsegula boneti n'kuyanika kapepala kaja pa injini, uku ndikupemphera chamumtima.

"Galimotoyi yadwala chiyani kodi?"

"Zachimuna izi, mayi. Inu onani mapiri."

Anaonadi mapiri, akudya nthochi mwamtendere.

Tsiku lobwerera, pa Chikangawa, pakati pa mitengo ya paini ndi nkhungu yozizira, ndinati ndikatambasule. Kanali katauma gwa ngati tsamba la fodya loiwalika m'chigafa. Nditangokoka, kanang'ambika pakati, chidutswa china mphepo n'kuchitenga. Ndinachithamangitsa m'tchire, bambo wa ana anayi, mpaka ndinagwera m'dzenje.

Pa Jenda ndinalephera kupirira, poti kwathu kunali kutayandikira. NaBanda ankasankha tomato pamsika, ine n'kumukokera pambali.

"Mayi, ndapalamula. Kuponi ya amayi ija ndinalowa nayo m'madzi."

Iye anangomasula mfundo ya pansonga ya chitenje chake, momwe amasungira ndalama. M'katimo munali kuponi, youma bwinobwino, yopanda ndi khwinya lomwe.

"Ndinaichotsa pa Mtunthama muja mukusamba," anatero. "Chimene mwakhala mukuwotcha pa injini chija ndi masamu a Tadala."

Tadala ndi mwana wathu wa sitandade 4. Ndinangokhala pa thumba la mbatata la eni ake. Chimwemwe chake sindinachimvepo, ngakhale tsiku limene fodya wanga anagulidwa osabwezedwa belo ndi limodzi lomwe.

"Ndiye masiku awiri onsewa osandiuza bwanji?"

"Munati ndizionera mapiri."

Feteleza tinamupeza pa boma, nditaima pamzere maola asanu popanda kudandaula ngakhale kamodzi. Kumudzi ndinatsitsa thumba lija ndekha n'kukaliika pakhonde pa apongozi, chifuwa chili patsogolo. Iwo anaombera m'manja mwaulemu, nkhope kumbali, n'kufunsa mwana wawo motsitsa mawu, koma mokwanira kuti ndimve:

"Unachita zija ndinakuuza?"

"Ndinachita, amayi."

"Eya. Mkamwini timam'patsa ulemu. Kuponi ayi."

Chaka chotsatira anandipatsanso kapepala kopinda kanayi, ndipo ndinalandira ndi manja awiri. Sindinakatsegule. Ulemu wanga ndimaudziwa kulemera kwake.