Apongozi Anagwa ku Samanga

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika ku Ruda, amayi ogulitsa nthochi amakodolana n'kumanong'onezana kuti, "Ndi uja anapha apongozi ake uja." Ine sindinaphe munthu. Koma kukana kwenikweni sindingakanenso, ndiye bola ndifotokoze ndekha mmene zinayendera.

Matenda anga ndi chidwi. Chinthu chikakhala chotseka, mtima sukhala pansi mpaka nditaona m'kati mwake (wailesi ya bambo anga inafa imfa yotero). Ndiye nditagula laputopu yakale kwa mnzanga wa ku Mutare, ndinapezamo gemu ya nkhondo ya m'mlengalenga. Umakhala ndi kagulu ka asilikali, n'kumalimbana ndi zilombo za maso anayi zochokera ku nyenyezi zina. Imaseweredwa mosinthana ngati bawo: iwe usunthe anthu ako, uwabise kuseri kwa miyala, uwombere, kenako upinde manja zilombo nazo zisunthe. Msilikali akafa wafa basi, ndipo gemuyo imamulembera kachikwangwani ka chikumbutso kokhala ndi chithunzi chake.

Munthu wanzeru akanangosewera. Ine ndinayamba kufukula mafayilo ake, ndipo ndinapeza kuti mayina onse ali poyera, ongolembedwa ngati kalata ya kusukulu. Ndinasintha dzina la dziko limodzi, n'kuyatsanso gemu, ndipo chombo changa chinatera ku Mandeya, dera la kwathu konkuno. Ndinaseka ndekha ngati wamisala. Anzanga a pa intaneti anandiuza kuti zimenezo amati kumoda, ndipo anandisonyeza njira zina. Posakhalitsa mlengalenga monse munali Ruda, Mandeya ndi Samanga, chombo chinkayendera tiyi m'malo mwa mafuta, ndipo msilikali wovulala ankachira akamwa mahewu. Mawu onse a m'gemumo ndinawaika m'Chinyanja chathu chino, chimene agogo anabwera nacho kuchokera ku Mulanje pobwera kudzathyola tiyi kuno.

Chinatsala ndi asilikali. Anali ndi mayina achilendo, ndiye akafa sizinkandikhudza, ndinkangowataya ngati makoko a nthochi. Ndinaganiza kuti ndikaikamo anthu owadziwa ndizisewera mosamala. Ndinatenga zithunzi za pa Khirisimasi, n'kudula nkhope imodziimodzi. Ndinadziikamo ndekha, ndinaikamo azisuweni, kenako (apa m'pamene Satana anandigwira dzanja) ndinaikamo Nabanda, mayi ake a Chipo, bwenzi langa. Nthawi imeneyo ankhoswe anali atagwirizana kale, tsiku la ukwati likuyandikira. Musandimve molakwika, sindinawaikemo mwachipongwe. Mayi amene amatsika phiri atasenza mkoko wa nthochi osapumira panjira, ndinaona kuti akuyenera mfuti yaikulu kuposa zonse. Ndipo anakhaladi msilikali wanga woopsa kwambiri.

Lachitatu lina masana, pankhondo ya ku Samanga, Nabanda anafa. Mmene anafera ndinena kutsogoloku, chifukwa manyazi enieni ali pamenepo. Kachikwangwani kaja kanatuluka: nkhope yawo atavala duku, mzere wakuda kuzungulira, ndi mawu amene ndinawamasulira ndekha mwaluso langa lonse akuti, "Nabanda atisiya. Anagwa ku Samanga akuteteza anzawo. Mzimu wawo uuse mumtendere." Ndinawayang'ana mawuwo, ndipo m'malo mochita mantha ndinanyada. Ndinati anzanga a magemu aone mmene Chinyanja chikukhalira bwino m'mlengalenga. M'mawa mwake ndinachiika chithunzicho pa sitetasi ya foni, n'kunyamuka kupita kuntchito. Zoti sitetasi amaonanso azakhali, madikoni ndi onse amene ali ndi nambala yanga, sizinandidutse m'mutu.

Ndimagwira ntchito kufakitale ya tiyi, kumakina oumitsa masamba, ndipo foni timasiya m'kabati polowa. Tsono Lachinayi ndi tsiku la amayi a mpingo. Sabata imeneyo msonkhano wawo unali ku Samanga, ndipo Nabanda akalowa m'tchalitchi foni amazimitsa. Aliyense amene anawaimbira sanawapeze. Amene anaimbira ine sanandipezenso.

Nditaweruka ndinayatsa foni, ndipo inayamba kunjenjemera ngati yagwidwa ndi malungo. "Nematambudziko," analemba anzanga achishona, umo ndi mmene amapepesera maliro. Ena anati, "Pepani achimwene, mwataya apongozi ukwati usanachitike." Ndikuuzeni zoona, ndinalira. Ndinakhala pansi m'mbali mwa munda wa tiyi n'kulira ndithu, chifukwa mayi amenewo ndimawakonda. Ndinalemba kwa msuweni wanga kuti, "Zachitika bwanji? Wanena ndani?" Iye ananditumizira chilengezo cha malirowo. Ndinachitsegula. Chinali chokongola kwambiri, Chinyanja chake chosalala bwino.

Ulendo wa ku Ruda tsiku limenelo sindiukumbuka. Ndinangozindikira ndili pachipata cha kwa Nabanda. Kwathu kuno maliro sadikira kalata: ukamva, umanyamula chimene uli nacho n'kupita. Mipando anali ataitulutsa kale panja, abambo atakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, nkhuni zitaunjikidwa, makabichi ali m'dengu, amayi akuimba m'nyumba. Chipo anatuluka atazingidwa ndi anzake, maso atatupa. Anali atachoka kuntchito ku Hauna akulira njira yonse. Pa zonse za tsikulo, nkhope imeneyo ndi imene imandipweteka mpaka pano.

A Banda, malume ake a Chipo, anandigwira dzanja. "Mukuwasha, mwafika," anatero, kunditchula mkamwini m'Chishona monga amachitira. "Inu ndi amene munamva koyamba. Thupi lili kuti? Tatuma anthu kuchipatala koma akuti sakudziwa kanthu."

Nthawi yomweyo kombi, minibasi ya kuno, inaima pamsewu, ndipo munatsika Nabanda, atavala bulauzi yoyera ya amayi a mpingo, thumba la mbatata lili pamutu. Atamva nyimbo ya maliro ikuchokera m'nyumba mwawo, anaponya thumba pansi, manja kumutu, n'kuyamba kulira akulowa pachipata. "Ndani watisiya? Ndiuzeni, ndani?" Amayi awiri anathawira m'nthochi. Dikoni wina anagwa ndi mpando womwe. Chipo yekha ndi amene anathamangira kwa mayi ake, n'kuwakumbatira osafuna kuwasiya.

Phokoso litatha, maso onse anatembenukira kwa ine. Ndinagwada pafumbi n'kufotokoza za gemu, za mafayilo, za sitetasi. Ndinkayembekezera kukalipiridwa. Koma Nabanda anayala mphasa, anakhala chammbali osandiyang'ana, monga apongozi amachitira, n'kulankhula kudzera mwa mchimwene wawo.

"Achimwene, afunseni akamwiniwa. Ndinafa bwanji?"

"Amayi, ndi masewera chabe."

"Auzeni kuti ndamva. Koma anthu asiya ntchito zawo kudzandilira. Ndikufuna ndione ndinafa bwanji."

Ndinakatenga laputopu (njira yonse ndikupemphera kuti batire ikhale itatha, koma inali yodzaza). Ndinaiika pampando, anthu onse a pamaliro ataunjikana kumbuyo kwanga. Ndinatsegula nkhondoyo pamene ndinaisungira imfa ija isanachitike. Ndinaloza zilombo, ndinaloza Nabanda ataima poyera pakati pa bwalo ndi mfuti yawo yaikulu. Iwo anasendera pafupi, chidwi chitawagwira, mpaka anaiwala zoyang'ana kumbali.

"Mfutiyi ndi yanga? Yabwino. Nanga n'chifukwa chiyani ndaima ndekha poyera chonchi?"

"Kuti zilombo zikuoneni inuyo, amayi."

"Zindione ine. Afunseni, achimwene, iwowo anali kuti?"

Ndinaloza. Kuseri kwa mwala waukulu, kutali ndi nkhondo, kunali kamsilikali ka nkhope yanga, kali njo, kopanda ndi bala lomwe. Zoona zake n'zakuti zilombo zinali zitandipanikiza, ndipo ndinawatulutsa apongozi poyera kuti ine ndipeze mpata wothawa.

Chipo ndi amene analankhula, motsitsa mawu. "Ndiye unawaika amayi kutsogolo kuti iwe upulumuke?" Sanadikire yankho. Anauza malume ake kuti za ukwati akufuna aganize kaye. Pamenepo ndinaona kuti sakuseka. Maliro abodza akanatha kundikhululukira. Koma anali ataona mmene ndimaganizira zinthu zikavuta, pamene ndikuyesa kuti palibe akundiona.

Nabanda anali asanachotse maso pa laputopu. "Achimwene, afunseni ngati nthawi yosuntha ndi yathu."

"Ndi yathu, amayi."

"Ndiye ine ndipite kuseri kwa mwalawo. Iwowo atuluke, aime pamene ndinaima ine."

Ndinasuntha. Kamsilikali kanga kanayenda kukaima poyera. Ndinadina kuti tamaliza, ndipo tonse tinapinda manja kudikira zilombo. Sizinachedwe. Zinandizungulira, ndipo ndinafa imfa yonyozeka anthu a mpingo akuonerera. Nthawi yathu itakwananso, Nabanda analoza okha chilombo chachikulu, n'kunena kuti, "Icho." Mfuti yawo inalira kamodzi, chilombo chinagwa, ndipo amayi amene ankaimba nyimbo za maliro aja anaimba nthungululu.

Kenako kachikwangwani kanatuluka, nkhope yanga ili pakati pa mzere wakuda. Nabanda anawerenga mokweza, pang'onopang'ono, mpaka pa mawu akuti "akuteteza anzawo." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Waona, Chipo? Amatha. Amangofunika wowauza poima." Chipo anayesa kulimbitsa nkhope, koma kuseka kunamupulumuka, misozi isanaume. Makabichi aja anaphikidwa tsiku lomwelo, ndipo amene anawaza nkhuni ndi kutunga madzi a anthu onsewo mukumudziwa.

Ukwati unachitika, ngakhale Chipo anandisiya ndikuvutika ndi nkhawa kwa kanthawi ndithu. Achibale onse ndinawachotsa m'gemumo, koma Nabanda anakana kuchotsedwa. Akabwera kudzacheza amakhala chammbali n'kufunsa kudzera mwa Chipo kuti afika udindo wanji. Panopa ndi mkulu wa gulu lonse, ndipo alibe ndi chipsera chomwe. Ine ndimayenda patsogolo pawo nkhondo iliyonse, ndikafa ndimadzilembanso, ndipo maliro anga ndinasiya kuwawerenga.