Ndinadzichotsa Ndekha ku Madisi

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, moti amalume anga akaikumbuka amasiya kudya n'kuyamba kutsokomola ndi phwete. Koma isekeni, ine ndinaizolowera.

Matipate atangoyamba, ndinalembedwa ntchito yosamalira makompyuta ku bungwe lina lothandiza alimi. Ofesi yathu ya ku Madisi inali ndi seva, kompyuta yaikulu yosunga maina a alimi a ku Dowa ndi Ntchisi. Lachisanu lililonse ndinkachoka ku Lilongwe kukapanga bakapu, kukopera zonse pa madisiketi, ndi kuikamo pulogalamu yatsopano ikakhalapo.

Koma chondikokera ku Madisi sichinali seva ayi. Anali Esinala, kalaliki wa pa ofesipo. Ine ndikakhala pa kompyuta, iye ankandipatsira madisiketi limodzilimodzi mpaka dzuwa kupendeka. Zala zathu zikagundana, ndinkachedwa dala kulandira disiketiyo. Sabata yonse ndinkangokhalira Lachisanu, koma pakamwa panali gwa, osamuuza kanthu.

Tsiku lina anadandaula. "A Mbewe, ntchito iyi ndi yotopetsa bwanji!"

Apa ndinati ndionetse kuti kusukulu sindinkapitira phala. Ndinalumikiza makina osungira zonse pa tepi m'malo mwa madisiketi, n'kulemba kapulogalamu koti seva izipanga yokha bakapu, komanso izikoka yokha pulogalamu yatsopano kuchokera ku Lilongwe kudzera pa waya wa telefoni.

"Ndiye izipanga yokha?" anafunsa Esinala.

"Yokha! Inu kwanu n'kungoiyang'ana."

Anaomba m'manja. Tsoka lake, bwana wanga ku Lilongwe anaomba kuposa iye.

"Wagwira ntchito, Mbewe! Ndiye kuti ku Madisi kulibenso chopitira."



Miyezi inadutsa. Ndinkapemphera kuti seva ija ife, mphezi iiombe, kaya khoswe adye waya. Ayi ndithu, chinthucho chinkagwira ntchito mokhulupirika ngati bulu wa pangolo. Ndikaona basi ya ku Kasungu, imene imadutsa pa Madisi, ndinkaiperekeza ndi maso mpaka kukhota. Mtsikana uja ndinamusowa mpaka lamba anayamba kukhwepa.

Kenako foni ya mu ofesi inalira.

"A Mbewe, ndine Esinala. Loweruka mubwere kwathu ku Chisepo. Makolo anga akufuna akuoneni ndi maso. Ndawauza zonse zimene munandichitira."

Makolo! Ndinathamangira pa kaunjika kukagula jekete. Poti kwa eni mbumba munthu supita wekha, ndinakatenga amalume ku Msakambewa. Iwo anati sitingapite chimanjamanja, n'kugwira tambala wawo wamkulu, yekhayo amene anali m'khola.

Tinapeza khamu la anthu pabwalo, azimayi akululutira.

"Mphwanga, anthuwa akukufuna zedi!" anatero amalume akukonza taye.

Esinala anatuluka m'nyumba akumwetulira. Ndinaona kuti nsalu ya diresi lake ikufanana ndi malaya a mnyamata wina wamtali amene ankamutsatira, koma ndinati mwina ndi mlongo wake.

"Lameki, a Mbewe aja ndi awa!"

Mnyamatayo anandigwira chanza ndi manja awiri. "Akulu, Mulungu akudalitseni! Ine ndimatsogolera kwaya. Timaphunzira nyimbo Lachisanu masana, ndipo awa sankabwera chifukwa cha madisiketi anu aja. Mutangokonza makina, anayamba kubwera. Ndiye lero ndi chinkhoswe chathu!"

Ndisanapeze mpweya, bambo a Esinala anafika n'kuwerama pamaso pa amalume.

"Aa, mpaka mwatibweretsera tambala? Anthu aulemu inu!"

Tambala anapita kuseri kwa nyumba akulira, ndipo ine ndinkamumvetsa. Anatikhazika pa mipando ya kutsogolo ngati alendo olemekezeka, Esinala ali pafupi moti ndinkamva fungo la mafuta ake lomwe lija la mu ofesi. Chakudya chitafika, amalume anayang'anitsitsa m'mbale mwanga, n'kundinong'oneza.

"Idya, mphwanga. Pa ukwati wako wonse, chako ndi ntchafu imeneyo."

Makina ukawaphunzitsa ntchito yonse, amayamba ndi kukuchotsa iweyo pamzere.