Kanyenyezi pa Ndime ya Kumapeto

Ndiulule lero, poti amene akanandichotsa ntchito anapuma kalekale.

Zinali zaka zomaliza za nkhondo, ndikugwira ntchito pa kalaboratoriyo koyeza dothi ku Ulongwe. Shefi wathu, Dona Seleste, anabweretsa komputadolo ndi programa ya pa disketi yosanthula zoyeza zathu. Jeradolo ya magetsi ikalira, ndinkalowetsa manambala ndi chala chimodzi (chinacho chinkagwira mzere papepala), makinawo n'kusonyeza chonde cha ndime iliyonse m'munda wathu woyeserera mbatatesi.

Tsono ine ndinali ndi kanthu kukhosi. Anthu a mfuti atayamba kulanda ziweto kwathu ku Domwe, ndinathawitsa ng'ombe zanga ziwiri n'kuzibisa chilimwe chonse mumpanda wa mundawo, pa ndime ya kumapeto. Lamulo la ndimeyo linali loti isathiridwe kanthu kalikonse, kuti tiziyerekezera ndi zinzake. Apo n'kuti Dona ali ku Tete, msewu utatsekeka. Asanabwere ndinazisamutsira kwa mlamu wanga, n'kusesa pamalopo mpaka mbee.

Titakolola, programa ija inaika kanyenyezi kochenjeza pa ndime yomweyo. Dothi losathiridwa kanthu linali litaposa lothiridwa adubu, feteleza wa m'matumba!

"Mwalakwitsa polemba," anatero Dona. "Bwerezani."

Ndinabwereza, koma mwaukathyali: ndinatsitsako nambala ya chonde. Programa inayerekeza ndi makilo a mbatatesi amene tinakumba pandimepo, n'kuika tinyenyezi tiwiri. Ndinatsitsanso makilowo. Iyo inawonkhetsa zokolola za munda wonse n'kusonyeza kuti thumba lathunthu lasowa. Taonani, munthu wobisa ng'ombe zake zomwe ndasanduka wakuba mbatatesi!

"Kapena makinawa sanazolowere kuzizira kwa kuno, Dona," ndinatero, thukuta lili kamukamu.

"Tengani khasu, bambo."

Tinapita kumunda. Ndinakumba modutsa pamwamba. Anandilanda khasulo, n'kukumba okha, kutapa dothi, kulifikisa m'manja, kulinunkhiza.

"Adubu ameneyu ali ndi miyendo ingati?"

"Isanu ndi itatu, Dona."

Ndinaulula zonse, maso ali pansi, ndikuganiza kale zokauza mkazi wanga. Dona anandibweza ku komputadolo kuti ndilembe manambala oona, iwo ataima kumbuyo kwanga ngati mphunzitsi wa katekisimu. Anayang'anitsitsa zotsatirazo. Chaka chimenecho malole a adubu sankafikanso, alimi ankangodandaula.

"Ng'ombezo zili kuti?"

"Kwa alamu anga."

"Mawa zibwere. Tiyese bwinobwino, ndowe yopima pa sikelo."

Abale, ndinasangalala mpaka kufuna kupsompsona bokosi la komputadolo lija! Ng'ombe zanga zinamangiridwa khola mumpanda wolonderedwa, zolembedwa m'mapepala ngati zida za kafukufuku. Chaka chotsatira ndinaima pamaso pa alimi nditavala jekete, ndikuloza pepala lotuluka m'makina, kufotokoza mphamvu ya ndowe. Mkulu wina anakweza dzanja.

"Achimwene, zimenezi mpaka kufunsa makina?"

Anthu anaseka, nanenso ndinaseka, chifukwa woseka ali pa ntchito saumva kuwawa. Nkhondo inatha ng'ombe za anzanga ambiri zitapita, zanga zitakwana zisanu. Dona ankati ndiphunzirepo kusabisa zinthu. Ndinaphunziradi, koma ku Domwe mukakafunsa akakuuzani kuti ng'ombe zija ndinaziika pandimepo dala, ndipo wowauza ndine.