Batire la Kambalame

Mwambi uwu unayamba motere, anyamata inu, ndipo amene amati unachokera kwa alenje musawamvere. Unayambira ku Limbe, kwa wokonza mawailesi wina dzina lake Kambalame. Ikani kaye pansi mafoniwo.

Kambalame anapatsidwa ntchito yokonza sikelo yamagetsi ya gulu la alimi a nandolo. Inali ntchito yoti ikanamuchotsa pakhonde pomwe ankakonzera zinthu, koma anamuuza kuti ikapanda kutha msika wa nandolo usanayambe, aipereka kwa Likongwe, mnzake wopikisana naye. Tsono sikelo yotere siikonzedwa ndi kamita ka m'thumba. Imafuna mita ya patebulo, yolemera ngati njerwa, yoyeza magetsi mpaka timanambala takumapeto. Yatsopano thumba lake linakana, ndiye anapita kukafuna yakale.

Anapeza ziwiri. Ina inali kwa Che Dinala kumunsi kwa njanji, ina kwa mayi Nasibeko kumtunda kwa msika. Timashopu tawo tinali tothina ndi tamdima moti anthu ankangotitcha mapanga. Ya Che Dinala inali yobenthuka pangodya koma yotsikirako mtengo. Ya mayi Nasibeko inali yosalala bwino, kungoti batani lake limodzi linkafuna kulinyengerera.

Kambalame ankadziyesa wochenjera, ndipo anthu otere amanditopetsa. Anagula batire lija la makona anayi, la timitu tiwiri pamwamba, nati mita yoona ndi imene inene zofanana akaiyesa kawiri. Maganizo abwino ndithu. Koma batirelo analiponya m'thumba momwe munali makiyi, ndipo inu mukudziwa kuti kiyi ikakhudza timitu tonse tiwiri, batire limayamba kutha.

Anayeza batirelo pa mita ya kumunsi, nakwera kukaliyeza pa ya kumtunda. Manambala anasiyana. Atatsikanso, mita ya Che Dinala inanena zochepera pa zija inanena poyamba.

"Mita yanuyi yasintha mawu," anatero Kambalame.

"Achimwene, mita sinachoke patebulo pano," anayankha Che Dinala. "Amene akuyendayenda ndinu."

Anakweranso, napeza kuti nayonso ya mayi Nasibeko yatsitsa. Apa mutu unamuzungulira. Ntchafu inkamutenthera pamene panali thumba paja, koma iye ankati ndi chitunda. Anthu ogulitsa tomato m'njiramo anayamba kumupatsa moni ngati mnansi. Kumwamba mitambo inkasonkhana, iye osaiona n'komwe, maso ali pa timanambala.

Chakumadzulo, miyendo itatopa, anaganiza zongotenga yotsika mtengo ija basi. Akufika kumunsi, anakumana ndi Likongwe akutuluka m'phangamo, mita itakulungidwa m'pepala la pulasitiki pamutu. Likongwe anali atangoiyatsa, naidikira kuti itenthe, nayeza zimene anabwera nazo, n'kulipira. Anamupatsa Kambalame moni waulemu kwambiri, ulemu wowawa uja.

Madontho oyamba a mvula anagwa Kambalame akuthamangira kumtunda. Anafika akupuma wefuwefu, napeza mayi Nasibeko akulowetsa mita yawo pansi pa kauntala.

"Mayi, ndabwera kudzatenga, mtengo womwe uja."

"Pepani bambo," anatero mayiwo. "Chinthu choti munthu wamkulu n'kuchikwerera chitunda tsiku lonse, ndiye kuti muli chimene ine sindikuchidziwa. Sindigulitsanso mpaka bambo a kunyumba achione."

Anakoka chitseko. Kambalame anatsika kuti mwina akausire mvula kwa Che Dinala, koma nakonso anapeza loko. Anaima pakati pa msewu, madzi akutsika m'khosi, napisa m'thumba. Batire linatuluka litamamatira kumakiyi, lotentha ngati mbatata yootcha. Apo m'pamene anazindikira kuti mita zonse ziwiri zinkanena zoona. Ine mpaka lero ndimamumvera chisoni, ngakhale ndimaseka.

Amene anakonza sikelo ija ndi Likongwe. Ndipo mayi wina wa tomato, amene anaona zonse atabisala pakhonde, anamuyang'ana Kambalame akudontha, napukusa mutu nati, "Mapanga awiri avumbwitsa."