Nsomba za Alamu Anga pa Mzere wa Mpweya

Abale inu, tamvani zimene ndalota usiku wathawu. Alamu anga a Nasimango, achemwali awo a bambo a kunyumba, popita ku Mzuzu anandisiyira nsomba zawo ziwiri zagolide, zija zongoonerera za m'thanki yagalasi. Amazikonda kuposa anthu. Potsanzika anandiloza chala: "Mlamu, pampu ya mpweyayi isazime ngakhale pang'ono. Zikafa, pakhomo panga musadzapondenso."

Ndiye ndinalota ndili m'thankimo, ine ndemwe, madzi ali mbuu ngati otsukira mpunga. Kuyang'ana uku, mzere wautali, nsomba zokhazokha, iliyonse yanyamula chigubu. Kutsogolo kuli tebulo, pakhala bwana wa tayi, ati ndi mkulu wa Ofesi Yogawa Mpweya.

"Thovu limodzi pa banja!" akukuwa bwanayo. "Amene mwabwera ndi zigubu ziwiri, bwererani!"

Nsomba za alamu anga zili kumapeto kwenikweni, kukamwa kuli yasa. Yaikuluyo inanditembenukira. "Anti, ife tikomoka. Takawadzutsani a Pampu."

Abale! Nsomba kunditchula anti!

Ndiye ndinathamanga, kaya m'madzi amathamanga bwanji, ndinapeza a Pampu agona chagada patimiyala, afunda bulangeti. Ndinawagwedeza. "Achimwene, dzukani, anzanu akufa uko!"

"Ndidzuke ndi mphamvu yanji? Wina wandizula mchira pakhoma."

"Ndani wopanda chisoni ameneyo?"

"Funsani a Sefa. Zonyansa zonse za muno zimadutsa kwa iwo."

Mwadzidzidzi a Sefa anatulukira, siponji yakuda bii, akutsokomola matope. "Ine ndameza zotsala za chakudya, ndameza zimene nsombazi zimachita zikadya, masiku khumi osandichapa, sindinadandaule. Koma wozula mchirayo ndamuona. Anavala chitenje cha maluwa."

Kuyang'ana changa, mayo ine, maluwa okhaokha!

"Aaa, a Sefa, musandinamizire. Chitenje ichi ali nacho ndi anthu ambiri mu Machinjiri muno."

Ndisanamalize, bwana wa tayi uja anamenya tebulo. Masaya anatupa, maso anatong'oka, tayi n'kugwa, basi wasanduka chule, chule weniweni wovala magalasi. Alonda ake awiri asanduka nkhanu, andipana wina uku wina uku.

"Mayi," anatero chuleyo, "mpweya watha mu ofesi. Poti mlandu ndi wanu, muziuzira ndinu mpaka eni nsomba abwere."

Ndiye anandipatsa kapaipi. Ndinauzira, ndinauzira, masaya mpaka kuwawa, koma m'malo mwa thovu mukutuluka mauthenga a pafoni okhaokha. "Mwaswera bwanji." "Tumizani chithunzi." "Bwanji simukuyankha?" Nsomba zikuthamangira, zikumeza mauthengawo, zikutsamwa. Ha! Sindinaonepo zotero chibadwire. Mwadzidzidzi yaing'ono ija inasiya chigubu chake, n'kuyamba kupendekera pang'onopang'ono, mimba kuloza kumwamba. Ndinalira, abale, ndinalira mokuwa: "Si ine! Ndikulumbira, si ine!"

Chule akungoti, "Ndinu, ndinu, ndinu," mawu ake akunka naonda, akunka naonda, mpaka kumveka ngati kabelu.

Ndinadzidzimuka thukuta lili kamukamu. Kunja kwacha kale, ndipo chimene chikulira ndi foni yanga pabalaza. Ndinathamangira komweko wopanda ndi patapata yemwe. Foni ikulira pampando, batire ladzaza, chaja chili mu soketi, pulagi ya pampu ili pansi pomwe ndinaiponya madzulo ndikudziuza kuti ndi mphindi khumi zokha. Madzi ali zii, opanda thovu ngakhale limodzi. Yaikulu ili pamwamba ikuyasama, yaing'ono yagona cham'mbali, ndipo pafonipo palembedwa kuti "Alamu Mzuzu".