Mzere wa a Kwatsala Pang'ono

Amene munakhalapo mumsewu wathu mukuwakumbuka a Kwatsala Pang'ono, wosita zovala uja amene sanasitepo thalauza n'kuvomera kuti latha. Dzina lawo lenileni tinaliiwala kalekale. Tinkawaitana ndi mawu amene ankanena akangoika simbi pansi. Ankanyamula thalauza, kutsinzina diso limodzi, n'kupukusa mutu: "Kwatsala pang'ono."

Ine ndine telala, ndipo tinkagwirira ntchito pakhonde limodzi, iwo uko ndi tebulo ndi simbi yawo ya makala, ine kuno ndi makina anga. Ndiye zimene ndikukuuzanizi si za m'maluwa.

Bamboyu ankayeserera kusita ngati mmene anyamata amayeserera mpira. M'mawa, makasitomala asanabwere, ankatulutsa thalauza lawo lakale lakuda, kulisita bwinobwino, kenako n'kukalipereka kwa wogulitsa nyama, bambo wa thupi lake ndithu, kuti alikhalire.

"Mulikhalire ndi mtima wonse, achimwene. Dzulo munalimvera chisoni."

"Nanga ndidumphepo?"

"Ngati maondo akulola."

Likakwinyika mokwanira ankayambiranso. Ine mtima wanga sukhala m'malo ndikaona chinthu chosamveka, choncho tsiku lina ndinawafunsa chimene ankafunafuna pa thalauza lotha ntchitoli.

"Mzere, atelala."

"Nanga uwu si mzere?"

"Uwu ndi msuweni wake. Weniweniwo ndinauona kamodzi ndili mnyamata, pa mwendo wa woyendetsa sitima. Unachoka m'chiuno mpaka pa nsapato osapumira panjira."

"Anasita ndani?"

"Ndikanamudziwa bwenzi ndili kwa iyeyo, osati pano ndi inu."

Makasitomala ndiwo ankaona zakuda. Mphunzitsi wina anabweretsa thalauza loti avale ku ukwati wa mng'ono wake. Nthawi itakwana, a Kwatsala Pang'ono anakana kulipereka. Mphunzitsiyo analanda, kuvalira kuseri kwa nsalu zanga, ulendo wa pa siteji ya basi. Pocheuka anangoona utsi ukumutsatira, pansi pa utsiwo pali simbi, pambuyo pa simbiyo pali mwini wake ali wefuwefu.

"Aphunzitsi, mwendo wakumanzere wokha. Simuvula ayi, mungoima osagwedezeka."

Mphunzitsiyo analowa basi imene inali pafupi, ndipo sinali yopita ku ukwati.

Iwo eni sankakhala pansi akavala thalauza losita. Kutchalitchi ankaima kumbuyo, kuchipatala ankatsamira khoma, mpaka mphekesera inamveka yoti ali ndi chithupsa pamalo ovuta. Akazi awo ndiwo anaithetsa pamsika. "Chithupsa chikanakhala bwino, chimaphulika n'kupola. Awa akudwala mzere."

Koma pali chinthu chimene ndinachizindikira nditakhala nawo zaka zambiri. Mawu oti kwatsala pang'ono ankawanena pa ntchito yawo yokha. Ya ena onse inali ndi chigamulo china. Ngakhale wapolisi amene anaima pakhonde pathu kubisala mvula anauzidwa mwaulemu kuti, "Bwana, amene amakusitirani amakukondani, koma akadali kutali."

Amene mawu oti kutaliwa ankamubaya kwenikweni anali mwana wawo wamkazi. Anakulira pansi pa tebulo lija, n'kuphunzira ntchitoyo asanayambe n'komwe sukulu. Dzanja lake linali labwino moti makasitomala ankandinong'oneza kuti ndiwapatsire iyeyo zovala bambo ake akatembenuka. Koma kuyamikira kwathu analibe nako ntchito. Ankasita thalauza, kulinyamula ndi manja awiri, kupita nalo kwa bambo ake.

"Bambo, taonani."

"Ukadali kutali, mwanangu."

Tsiku lina anadzakhala pafupi ndi makina anga, maso ali psuu. "Atelala, kodi kutaliko n'kuti? Mundiuze, ndikwere basi iti?"

Anakwatiwa, anabereka, imvi zinayamba kumera, iye akadali kutali. Ine zinkandipweteka, ndipo ndinawauza bambowo poyera kuti nkhanza zina n'zosafunika. Anandiyang'ana modabwa. "Ndimunamize? Ndikamunamiza asiya kusita, ayamba kungotenthetsa nsalu."

Kenako ukalamba unawapeza. Tsiku limene anawotcha malaya a kasitomala, anaika simbi pansi, kukoka mpando wanga n'kukhala, thalauza lili chisitire. Msewu wonse unadziwa kuti zinthu sizili bwino.

Atadwala mpaka osathanso kudzuka pabedi, mwana uja anatenga thalauza lakuda lija. Wogulitsa nyama analikhalira ndi mtima wonse, misozi ili m'maso. Mwanayo analisita m'mawa wonse, n'kupita nalo kuchipinda kumene ine ndi mayi ake tinali titakhala pambali pa bedi.

"Bambo, taonani."

Maso a bambowo anali atafooka, ndiye anaona ndi chala. Chinayambira m'chiuno, kutsika pang'onopang'ono, kudutsa pabondo, mpaka kumapeto. Anabwereza.

"Kwatsala pang'ono," anatero.

Mwana uja, mayi wamkulu wa ana akeake, anagwada n'kulira ngati kamwana, nkhope ataikwirira pa thalauza lomwelo. Bambo ake anamusisita m'mutu, kenako anati, "Dzuka, ukulikwinya."

Tinawaika m'manda atavala lomwelo.

Masiku ano zovala zimatuluka pa nthawi yake, ndipo palibe amathamangitsidwa ndi simbi pa siteji. Anthu amati zinthu zakhala bwino, koma ine msewu ndimauona wozizira, ndipo ndimawasowa kwambiri. Za woyendetsa sitima uja sindinadziwebe ngati analiko. Chimene ndikudziwa n'chakuti m'mawa uliwonse, ndikamatsegula makina, ndimamva mawu a mzimayi kuseri kwa bucha ya wogulitsa nyama uja.

"Amalume, mulikhalire ndi mtima wonse. Dzulo munalimvera chisoni."